Chipolopolo cha Akamwini

Njati imene inadzamuvutitsa Flywell Msaiwale anaipha ndi pakamwa, tsiku lina Lachitatu, m'kantini ya kumgodi wina ku Australia, foloko ili m'manja.

Sanachite kukonzekera. Anthu ankadya ataweruka kuntchito, ndipo Katherine, mkulu wa akatswiri a miyala pamgodipo, ankaonetsa anzake chithunzi cha nyama imene alongo ake anapha kwawo ku Canada. Chinali chimphalapala chachikulu ngati galimoto, cha nyanga zonga mafosholo, chimene eni ake amachitcha moose. Wina anafunsa ngati ku Africa kulinso zilombo zotere. Maso onse anatembenukira kwa Flywell ndi Bennett, mnzake wa ku Kitwe ku Zambia. Bennett anapitiriza kutafuna. Flywell ndiye anatsegula pakamwa.

Anasimba za njati yovulala imene inabisala m'munda wa thonje kuchigwa cha Shire. Anasimba mmene inazungulirira mwakachetechete kuti idzere kumbuyo kwa mlenje, mmene timbalame tapamsana pake tinaulukira n'kuiulula, ndi mmene chipolopolo chimodzi chinaigwaditsira itatsala mapazi khumi. Nkhaniyo inali yoona yonse, kuyambira thonje mpaka timbalame. Bodza linali pamalo amodzi okha: mwini wake. Flywell anakulira ku Area 47 ku Lilongwe, m'nyumba imene nkhuku inkafika itasosoledwa kale. Njatiyo anaipha anali apongozi ake, mayi Edda, amene anagwira ntchito yolondera nyama zakutchire zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Iye anangoimva kwa mkazi wake, Margreth. Koma apongoziwo anali kutsidya la nyanja yamchere, ndipo Flywell, munthu wodziwa masamu, anawerengera kuti mwayi woti iwo adzakumane ndi Katherine unali wochepa kwambiri moti sunali woyenera kuulemba.

Patatha miyezi isanu ndi inayi mayi Edda anatera ku Perth, mzinda umene banjalo linkakhala, kudzalera mdzukulu.

Pa nthawiyo Flywell ankafuna chinthu chimodzi. Ntchito yake inali ya masabata awiri kumgodi, sabata imodzi kunyumba, ndipo mwana wawo Miracle ankasintha nkhope ulendo uliwonse umene iye wachoka. Tchuthi cha Margreth chinali kutha mwezi wotsatira, azibwerera ku wodi yake kuchipatala ku Murdoch. Tikiti ya mayi Edda yobwerera kwawo inali ya masabata atatu akubwerawo. Ndiye kuofesi ya kampani, m'tauni momwemo, kunatseguka malo amodzi: kulowa m'mawa, kutuluka madzulo, kugona kunyumba. Osankhidwa anali awiri, Flywell ndi Bennett. Wosankha anali Katherine.

Uthenga wa Katherine unafika Lolemba, Flywell ali kunyumba. Sunatchule za ntchitoyo. Unati chaka chino akufuna kutenga mnzake mmodzi kapena awiri kukasaka mphalapala kwawo, ndipo munthu amene anaima pamaso pa njati sangamusiye. Koma alongo ake ali ndi lamulo lawo: aliyense ayambe waonetsa kuti akhoza kulasa mbale yapepala katatu pa mtunda wa mamita zana. Loweruka akumane kubwalo lophunzirira kuwombera, kunja kwa mzinda. Mphunzitsi wa kumeneko ali ndi mfuti zinayi, ya .308, ya .30-06, ya .300 Magnum ndi ya .375. Flywell asankhe chipolopolo chake, amuuze pofika Lachinayi.

Flywell ankakonda zinthu zozunguza mutu. Mundege yopita kumgodi anzake akagona, iye ankadzaza manambala m'timabokosi. Choncho anatsegula laputopu n'kukonza tebulo la mizere inayi: kulemera kwa chipolopolo, liwiro lake, mphamvu imene chimafika nayo pa nyama, ndi theche limene mfuti imamenya paphewa la mwini wake. Lachiwiri anapita ku Malaga, dera lina la mumzindamo, kusitolo ina ya alenje pakati pa mashedi a okonza magalimoto, kumene wogulitsa anamuimikira zipolopolo zinayizo pakauntala ngati ana asukulu pamzere. Cha .308 chinali chachifupi, chooneka chaulemu. Cha .375 chinali ngati chala cha munthu wolima.

Ntchito yonseyi ankaichitira pakhonde, chifukwa pabalaza panali apongozi.

Makolo a Flywell anali anthu a m'tauni, oti mpongozi amamupatsa moni wapamanja. Mayi Edda sanali otero. Kwawo mkamwini salankhula naye maso ndi maso, sadya naye mbale imodzi, sakhala naye mpando umodzi. Mwambowu unapangidwira mudzi wokhala ndi njira zambiri, osati nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi kakhonde kamodzi kamkati. Akakumana m'kakhondemo, mayi Edda ankatembenukira kukhoma, Flywell n'kulowa kubafa ngakhale alibe chokachita. Masabata oyamba uthenga wonse unkadzera kwa Margreth. Kenaka mayi Edda anapeza mtumiki wabwino kuposa, wosatopa ndiponso wosawonjezera mawu ake: khanda la miyezi itatu.

Lachitatu masana anatuluka ndi mwanayo kudzayanika matewera. Anaima chofulatira, maso ali pachingwe.

"Miracle, takawafunsa abambo ako. Nyamayo ikadzatulukira, adzaionetsa laputopu kapena adzaiwombera?"

Flywell anayang'ana mapazi a mwana wake. "Miracle, uwauze agogo kuti tikungoyerekeza manambala."

"Uwauze andionetse nyamayo."

Margreth anatuluka m'khitchini, natenga foni m'manja mwa mwamuna wake, nayenda mapazi atatu, n'kuipereka kwa mayi ake. "Ine ndinaphunzira unamwino," anatero, "osati upositi."

Mayi Edda anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. "Imeneyi ndi nchefu, Miracle. Nchefu yosaoneka bwino kumaso, koma nchefu. Siifuna mzinga. Uwauze abambo ako atenge chaching'onocho, cha .308. Achiike kumbuyo kwa mwendo wakutsogolo, m'mapapo, basi. Nyama siifa ndi phokoso."

"Miracle, uwafunse agogo za .375."

"Imeneyo ndi ya anthu amene akusakidwa ndi chimene akusaka. Ndinayenda nayo zaka zambiri. Phewa ili mpaka lero limadziwa mvula isanabwere. Munthu woyamba kumene ikamumenya kamodzi, ulendo wachiwiri amatsinzina asanawombe. Uwauze choncho."

Tebulo la Flywell linali litanena kale zomwezo. Mizere yonse itawerengedwa, .308 inkapambana. Koma tebulolo linalibe mzere wachisanu, wa nkhope ya Katherine akamva kuti wopha njati wasankha kachipolopolo kochepetsetsa pa zonse. Flywell anayamba kusintha kulemera kwa mizere. Anachepetsa kufunika kwa theche, nakweza kufunika kwa mphamvu, nachepetsanso theche, mpaka manambala anatopa n'kuvomera. Lachinayi m'mawa analembera Katherine kuti wasankha .375, imene anaizolowera kwawo.

Madzulo a tsiku lomwelo Margreth anati, "Loweruka muwatenge amayi."

"Kubwalo la mfuti?"

"Miyezi iwiri ali kuno, aona chipatala ndi tchalitchi basi. Chinthu chimodzi chimene amachikonda m'dziko muno ndi chomwecho. Ndawafunsa kale a kubwaloko, ati mlendo amalembetsa pakhomo. Mukukana?"

Flywell sanakane. Anakhala pansi n'kuiyang'ana nkhaniyo monga ankayang'anira timabokosi take. Panali anthu atatu. Apongozi anayenera kudziwa za njati asanakumane ndi Katherine. Iye sakanawauza yekha. Akanatuma Margreth, Margreth akanadziwa, ndipo Margreth akadziwa chinthu amachidziwa kwa zaka. Akanatuma Miracle, nyumbayo inali yaing'ono, Margreth akanamvabe. Anaizunguza mbali zonse, ndipo chimene anakwanitsa chinali chiganizo chimodzi, Loweruka m'mawa, akupsompsona mwana pachipumi.

"Miracle, uwauze agogo kuti bwana wanga ndi munthu wosakonda kucheza."

"Uwauze abambo ako kuti sindikupita kukacheza," anayankha mayi Edda, akumanga duku.

M'galimoto anakhala kumbuyo kwenikweni kwa dalaivala, pamene kalilole sakanawapeza. Ulendowo unali wa ola lathunthu.

Bwalolo linali pamchenga wofiirira, pakati pa mitengo ya bulugamu. Panali denga lamalata, matebulo a simenti pamzere, ndipo kutali uko, patsogolo pa chulu cha dothi, mbale zapepala zinali zitakhomedwa pamatabwa. Kuchokera patebulo mbale inkaoneka ngati batani la malaya. Katherine anawalandira mayi Edda ndi manja awiri, mphunzitsi anawalembetsa m'buku n'kuwapatsa zotseka m'makutu, ndipo iwo anakakhala pabenchi lakumbuyo, chikwama chili pamiyendo, ngati ali pamzere wa kuchipatala.

Bennett anali atafika kale. Anasankha .308, ndipo anauza aliyense kuti sanawombepo mfuti chibadwire. Analasa mbale kawiri, kachitatu anaphonya pang'ono, nadzuka akuseka.

"Mudala," anatero kwa Flywell, "manje tione vija va njati."

Mphunzitsi anabweretsa .375. Inali yolemera kuposa mmene tebulo linanenera. Flywell anakhala pansi, naika tsaya pathabwa, nasendeza diso pafupi ndi galasi loonera kuti mbaleyo ikule. Anakumbukira zonse zimene anawerenga: kupuma, kutulutsa mpweya theka, kukoka kachitsulo pang'onopang'ono. Anakoka.

Zimene zinachitika sanazione. Anamva ngati chitseko cha lole chamumenya paphewa, ndipo chinachake chinamuluma pamwamba pa diso. Atatsegula maso, fumbi linali kukwera pachulu, kumanzere, kutali ndi mbale ya aliyense. Galasi loonera linali litamucheka pachikope. Mphunzitsi anamumata pulasitala, namuuza kuti abweze mutu m'mbuyo, namufunsa ngati akufuna kupitiriza. Flywell anati mfuti iliyonse ili ndi khalidwe lake, akungoiphunzira.

Chipolopolo chachiwiri chinalima pansi, mamita angapo mbale isanafike.

Mphunzitsi analamula kuti onse aleke kuwombera, mfuti zitsegulidwe. Anthu anavula zotseka m'makutu. Flywell anatembenuka pang'ono, ndipo pakona ya diso lake lotupalo anaona apongozi ake ataimirira.

Mayi Edda anali pamavuto. Kwa zaka zambiri anaphunzitsa anyamata olowa kumene ntchito, ndipo kuona munthu akutsinzina pamfuti kunkawayabwa ngati chitedze. Anali ndi uthenga, koma mtumiki wawo anali kunyumba akuyamwa. Anayang'ana Bennett: mnyamata, ndiponso woseka kwambiri. Anayang'ana mphunzitsi: mwamuna wachilendo. Panatsala munthu mmodzi woyenera kutumidwa kwa mkamwini, mzimayi mnzawo, wamkulu paudindo, wooneka wosunga mawu. Anayenda molunjika kwa Katherine, napinda maondo pang'ono, nayamba kulankhula Chingerezi chawo cha kuntchito, chachifupi ndi chomveka ngati lipoti.

"Madamu, chonde muwauze abambo ake a Miracle kuti akutseka maso. Akukankhanso phewa kutsogolo mfuti isanalire."

Katherine anayang'ana Flywell, amene anali mapazi anayi okha kuchokera pamenepo. "Si awa ali apawa? Auzeni."

"Kwathu sitilankhula ndi mkamwini. Timamulemekeza."

"Chabwino," anatero Katherine, akuoneka kuti wasangalala ndi udindo watsopanowu. "Flywell, akuti ukutseka maso."

"Ndamva," anatero Flywell.

"Muwauzenso kuti asachite manyazi," anapitiriza mayi Edda, mawu awo atafewa. "Si vuto lawo. Aliyense wogwira mfuti koyamba amatero. Ine ndinawalangiza .308."

Bennett anasiya kuseka. Mbalame ina inalira m'mitengo ya bulugamu, nthawi yaitali, ngati mwana wokana kusamba.

"Koyamba?" anafunsa Katherine. "Nanga njati ija?"

"Njati iti, madamu?"

"Ya m'munda wa thonje. Yovulala, imene inazungulira kumbuyo. Timbalame tinauluka."

Mayi Edda anayang'ana pansi, pa nsapato zawo za kutchalitchi zimene zinali zitadzaza mchenga. Flywell ankaona kumbuyo kwa duku lawo kokha, koma anadziwa nthawi yeniyeni imene anamvetsa, chifukwa mapewa awo anatsika pang'ono. Anadikira kuti amuvule. Kapena, mwa chisomo, kuti amunamire.

"Njati imeneyo," anatero mayi Edda pomaliza, "ndi ya m'banja mwathu."

Katherine anali munthu wozolowera kuyang'ana mwala n'kudziwa kumene unachokera. Anayang'ana mayiyo, nayang'ana pulasitala ya Flywell, nayang'ananso mayiyo. Kenaka anapempha mphunzitsi ngati mlendo angayeseko. Mphunzitsi anawafunsa mafunso angapo, naona mmene anatsegulira .375 ija n'kusuzumira m'kati asanachite china chilichonse, ndipo anasiya kufunsa. Mayi Edda anapatsa Bennett chikwama kuti awagwirire. Anakana mpando. Anawombera ataimirira, katatu, mosafulumira, thupi lawo likugwedezeka ndi theche ngati mtengo wozolowera mphepo. Mbale itabwera, mabowo atatuwo anali oti kapu ya tiyi ikanawavundikira onse.

"Mayo," anatero Bennett.

Zitatero anabweretsa .308, ndipo phunziro linayenda mwa dongosolo lake. Mayi Edda ankauza Katherine, Katherine ankauza Flywell, Flywell ankauza mfuti. Anamuwombetsa kaye ilibe chipolopolo, kasanu, mpaka maso anasiya kutsinzina. Kenaka anamupatsa zipolopolo zitatu. Theche lake linali ngati la mnzako wokupatsa moni mwamphamvu. Zonse zitatu zinalowa m'mbale, chimodzi m'mphepete, koma m'mbale.

Flywell anaitenga mbaleyo n'kupita nayo kumene anaimika magalimoto. Katherine anali akutsegula chitseko cha galimoto yake.

"Zitatu," anatero Flywell, akuionetsa.

"Ndaona. Ukhoza kudzakhala mlenje wabwino." Katherine anaponya chipewa pampando. "Flywell, ukandilembera kuti pa mamita mazana awiri pansi pa nthaka waona mwala wakutiwakuti, ine sindingalowe m'dzenjemo kukatsimikiza. Kuofesi kuja ntchito yonse ndi imeneyo, kusaina zinthu zimene ena adzakhulupirira osaziona. Za m'kantini ndikanaziiwala. Anthu amakometsa nkhani akamadya. Koma Lachinayi unandilembera, ndi dzanja lako, kuti .375 unaizolowera."

Flywell anatsitsa mbale ija.

"Bennett ayamba kuofesi pa 1. Malo ena akadzatseguka tidzakambirana. Sindikudziwa kuti ndi liti." Katherine analowa m'galimoto, natsitsa galasi. "Amayiwo uwathokoze. Kapena uuze wina awathokoze, mmene mumachitiramo."

Kunyumba Margreth anayamba ndi pulasitala, chifukwa ndiyo inali ntchito yake. Anaimatula, nayang'ana bala, nati silifuna kusoka. Kenaka anafunsa za ntchito, ndipo Flywell anamuuza zonse ataimirira m'khitchini, kuyambira m'kantini. Mayi Edda anali pabalaza ndi mwana, chitseko chili chotsegula.

"Njati ya amayi," anatero Margreth.

"Eya."

"Pa nkhani zonse za m'dziko lapansi, munaba ya munthu amene amagona m'chipinda chinacho."

"Nthawi imeneyo sankagona m'menemo."

Margreth sanaseke. Anakhala pampando n'kuyamba kuwerenga ndi zala, osati pomunyoza, koma monga amachitira pokonza mashifiti. Iye abwerera ku wodi pa 8. Flywell anyamuka Lolemba, masabata awiri. Amayi anyamuka pa 20. Kosungira ana kumene analembetsa anati malo apezeka chaka chamawa. Zala zinatha, mwana alibe womugwira.

Pabalaza panamveka kukhosomola.

"Miracle," anatero mayi Edda, mokweza kuti mawu afike kukhitchini, "uwauze amayi ako kuti mapepala anga amandilola kukhala kuno mpaka chaka. Nkhuku zanga kumudzi ali nazo aneba anga a Chikhulupiriro, sizifa. Uwauze abambo ako aimbire a ndege."

Margreth anatseka maso, napuma mpweya wautali, woyamba tsiku limenelo. Flywell anaganiza za kakhonde kamkati, ndi za maulendo onse a kubafa amene ankamudikira. Anatenga foni. Anadikira nyimbo ya kampani ya ndege mpaka inatha n'kuyambiranso, ndipo kenaka mtsikana wa mawu okoma anamufunsa nambala ya tikiti, dzina la wokwera, ndi tsiku latsopano limene akufuna.

Flywell anayang'ana Margreth. Margreth anayang'ana kuchitseko cha pabalaza.

"Miracle," anatero mayi Edda, "uwauze abambo ako afunse ngati ilipo tikiti yosalemba tsiku."